KODI MWANA WA PA SEKONDALE ALI NDI NGONGOLE KWA MAKOLO ACHE?

Pali mau amene amveka kawiri-kawiri m'nyumba zathu kuno ku Phalombe mwana akafika Folomu 3 kapena Folomu 4, ndipo owanena si makolo oipa ai, koma makolo omwe aja amene adzimana mchere ndi sopo kuti mwana aphunzire. Mauwo ndi akuti: "Mwanawe, tataya zambiri pa iwe, ukamaliza udzatibwezere." Ena awanena moseka, ena awanena ndi misozi m'maso, ndipo ena sawatulutsa konse pakamwa, koma mwana awamva ndithu pa kaponyedwe ka ndalama pamphasa tsiku lotsegulira sukulu. Tsono tifuna kufunsa lero, inu makolo ndi inu akatekisiti amene muyendera mabanja: kodi mau amenewa ali oona? Kodi zimene kholo litaya pa mwana wa pa sekondale ndi ngongole imene mwanayo ayenera kubweza? Funsoli lioneka laling'ono, koma m'mene kholo liliyankhira mumtima mwache, ndi m'menenso lidzakhalira ndi mwanayo pa zaka ziwiri zotsiriza zija, zimene ziri zolemetsa koposa zonse.

Tiyambe ndi kuvomera chimene chiri choona: kuphunzitsa mwana kupweteka. Boma lidachotsa malipiro m'sukulu za pulayimale m'chaka cha 1994, ndipo lidalengezanso kuti kuyambira Januwale 2026 ana a m'sukulu zache za sekondale zoyendera asalipire. Ichi nchinthu chabwino. Koma ali yense amene ali ndi mwana pa sekondale adziwa kuti kulipira sikuthera pa ofesi ya aphunzitsi akulu. Yunifomu, nsapato, makope, sopo, ufa ndi ndiwo za mwana wogonera kutali, lendi ya kachipinda, njinga yopalasa m'mamawa, zonsezi zichokera m'munda. Mai asenza nandolo kupita naye pa Migowi kapena pa Chiringa, naima pamaso pa venda ndi sikelo yache, nalandira mtengo umene sadaupange iye. Bambo agulitsa mbuzi imene adaisungira tsiku la matenda. Wina akagona masabata ku Chilwa kufuna matemba, udzudzu uli kumdya. Ndiponso mnyamata wa zaka 17 wokhala m'kalasi ndiye khasu limodzi lochotsedwa m'munda pa nthawi ya kupalira. Munthu wotaya zotere sitingamdzudzule msanga akayembekeza kanthu.

Komabe tiyeni tione bwino chimene ngongole iri, pakuti tonse tiidziwa. Ndani mwa ife sadakongoleko? Ngongole apangana anthu awiri, wokongoza ndi wokongola, onse ali maso. Iri ndi muyeso wache: thumba limodzi, kapena matumba awiri ngati ndi katapila. Ndipo iri ndi mathero: ukabweza wamasuka, ungathe kumdutsa wokongoza uja pamsika osampatsa ndi moni womwe, ndipo palibe mfumu imene ingakuzenge mlandu. Tsono timuike mwana pa muyeso umenewu. Kodi adapangana ndi yani? Pobadwa sadafunsidwe. Polowa Sitandade 1 sadadinde chala pa pepala liri lonse. Nanga muyeso wache ndi uti? Kodi tidzawerenga mbuzi zokha, kapena tidzawerenganso mkaka wa amai ache ndi usiku uja adachezera naye ku chipatala cha Holy Family ali ndi malungo? Ndipo za mathero, funsani kholo liri lonse ngati lingakondwe kuona mwana wache atabwera ndi ndalama m'manja nati: "Nazi zanu zonse zija, ndawerenga bwino, kuyambira lero tasiyana." Palibe ndi mmodzi yemwe. Kholo lomwe lija linena kuti "udzatibwezere" likadalira misozi yowawa tsiku limenelo. Apa pokha tiona kuti pakamwa pathu panena ngongole, koma mtima wathu ufuna chinthu china.

Akatswiri a nzeru adaliganizira funso limeneli kale-kale. Aristotle, Mgriki wa makedzana, adaona kuti zimene munthu alandira kwa makolo ache ziri zazikulu kotero kuti sangathe kuzibweza zonse, chinkana atachita chotani. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira m'chaka cha 1274, potsata maganizo omwewo adaphunzitsa kuti kwa makolo tilandira zinthu zitatu, ndizo moyo, chakudya ndi maleredwe, ndi kuti ntchito ya kholo siithera pa kubala, koma ifika mpaka mwana atakhala munthu woima payekha. Adapitirira nanena chinthu chimene ambiri sachiyembekeza kwa munthu wa Eklezia: kuti mwa chikhalidwe chache cha zinthu, kholo ndilo liyenera kusungira mwana chuma, popeza kholo ndilo gwero, ndipo mwana athandiza kholo pamene kholo lasowa. Ife a ku Phalombe sitisowa buku kuti timvetse zimenezi. Mtsinje wa Phalombe utsika kuphiri, nudutsa m'minda, nukathira m'nyanja ya Chilwa, ndipo palibe adauona uli kukwera kubwerera kumene udachokera. Zimene makolo athu adataya pa ife, ife tizitaya pa ana athu, ndipo iwo adzazitaya pa ana ao. Kuphunzitsa mwana, tsono, si kukongoza. Ngati pali ngongole, ndiye kholo ndilo liri kubweza, pakuti ndilo lidaitana mwanayo kudza pansi pano.

Koma wina adzati: "Bambo, inu mulibe mwana, ndipo mukakalamba dayosizi idzakusungani. Ine ndiribe penshoni. Nkhokwe yanga ya ukalamba ndi mwana yemweyu. Nanga lamulo lachinai lidapita kuti?" Mau amenewa ngolemera, ndipo sitiyenera kuwathamangira. Zoonadi, m'dziko lathu lino nkhalamba zambiri zidya kuchokera m'manja mwa ana ao, ndipo mwana amene alandira malipiro ku Blantyre amai ache ali kugona ndi njala kwa Mkhumba achimwa tchimo lalikulu pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa mudzi. Sitiri kumasula mwana ali yense ku ulemu ndi chithandizo chimene ayenera kupereka. Chimene tinena nchakuti udindo umenewu suchokera ku mbuzi zija. Uchokera ku ubale. Mwana amene adalekeza Sitandade 6, amene simudatayepo kanthu pa sukulu yache, ali ndi udindo womwewo monga mwa mphamvu zache. Ndipo mwana amene adafika ku yunivesite sangawerenge tsiku lakuti wamaliza. Taonani tsono, inu makolo, kuti pochula chithandizo cha mwana kuti ngongole mudzichepetsera nokha gawo lanu. Musinthanitsa chinthu chopanda malire ndi chinthu cha malire. Ndiponso mtima wa munthu uli chonchi: wokongola athawa amene adamkongoza, apatuka njira akamuona patali, pamene woyamika afuna-funa amene adamchitira zabwino. Ana ena amene safikanso kumudzi, ndi kuleka ngakhale kuyankha foni, si onse ali oipa mtima. Ena athawa nyumba imene idasanduka bwalo la milandu.

Izi zonse zikadakhala nkhani ya m'kalasi la seminale chabe, zikadapanda kukhudza ana amene ali kuwerenga usiku uno. Koma ziwakhudza, ndipo nayi njira yache. Ngongole ya sukulu, monga aiganizira makolo ambiri, ibwezedwa ndi chinthu chimodzi: kupambana mayeso a MSCE, kupita ku koleji, ndi kupeza ntchito ya malipiro. Tsono tiwerenge. Kuti mwana alandire satifiketi ayenera kupambana maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chiri pomwepo, ndipo limodzi mwa iwo likhale pa kirediti. Kuti aganiziridwe ku yunivesite ya Boma afunika makirediti asanu ndi limodzi. M'zaka za 2023 ndi 2024, ana oposa 150,000 adalemba mayesowa chaka chiri chonse, ndipo opambana adangopitirira pang'ono theka. Mwa ana khumi olemba, wolowa m'mayunivesite a Boma sakwana ndi mmodzi yemwe. Kodi ena onsewo ndi aulesi? Iai. Ambiri mwa ana athu aphunzira m'sukulu zoyendera za m'midzi, za CDSS zija, zimene zambiri zisowa mabuku, zipangizo za sayansi ndi aphunzitsi okwanira, koma alemba pepala limodzi-modzi ndi mwana wa pa sukulu yogonera ya zonse. Ganizirani ana amene adalemba m'chaka cha 2023. Adalowa Folomu 1 mu Seputembala 2019. Mu Malichi 2020 sukulu zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, nakhala pakhomo miyezi yoposa 5. Mu Malichi 2023, mayeso atayandikira, namondwe wa Freddy adagwetsa nyumba ndi kukokolola minda kuno ku Phalombe ndi ku Mulanje, makope adapita ndi madzi, ndipo zipinda zophunziriramo zidasanduka misasa ya anthu othawa. Achikulire adakumbuka napolo wa pa Michesi wa 1991. Kodi mwana wotere, akalephera Masamu, tidzamuyesa wakuba chuma cha atate ache? Palibe chilungamo pomanga munthu chifukwa cha chinthu chimene sichiri chonse m'manja mwache. Chimene chiri m'manja mwa mwana ndi khama, kumvera ndi kuona mtima. Zimenezo kholo lingathe kuzifuna, ndipo liyenera kuzifuna mwamphamvu. Koma mapointi sangalonjezedwe, monga mlimi sangalonjeze matumba mvula isanagwe.

Mwana amene auzidwa tsiku ndi tsiku kuti banja lonse lapachikika pa pensulo yache achita mantha, ndipo mantha abala zinthu ziwiri. Choyamba ndi kuba. Tonse tikumbuka chaka cha 2020, pamene mapepala a MSCE adabedwa nafalikira pa mafoni, mpaka Boma lidaimitsa mayesowo mu Novembala, ana onse, olungama ndi osalungama omwe, nalembanso mu Januwale 2021. Tidadzudzula akuba aja, ndipo adayenera kudzudzulidwa. Koma wakuba sagulitsa popanda wogula, ndipo ndalama zogulira likasa sizimera m'thumba la mwana wa sukulu. Alipo makolo amene apereka ndalamazo akudziwa, nati m'mtima mwao: tataya kale zambiri, tisataye zonse. Ameneyo ndiye mtima wa wokongoza, wofuna kupulumutsa chuma chache mwa njira iri yonse. Ndipo phunziro limene mwana atenga tsiku limenelo, lakuti atate ache akonda satifiketi koposa chilungamo, adzapita nalo ku ofesi iri yonse imene adzagwireko ntchito.

Chachiwiri ndi kukhala chete, ndipo ichi chiopsa koposa, chifukwa sichioneka. Mwana wodziyesa wangongole sapemphanso. Aona m'mene nkhope ya amai ache igwera akachula sopo, naganiza kuti ndisaonjezere. Tsono taganizirani mtsikana wa zaka 16 amene achita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu, monga achitira ambiri amene kwao nkutali, wodziphikira yekha, wopanda mkulu womuyang'anira. Ufa wamthera pakati pa mwezi. Alibe mafuta odzola, alibe zofunika za atsikana pa masiku ao. Kunyumba aopa kunena. Ndipo pa malo a malonda pomwepo pali mwamuna wa golosale kapena wa kabaza wa njinga yamoto amene safuna kuti apemphedwe kawiri. Sitinena zachilendo, pa kutsekedwa kwa sukulu kwa 2020 boma lathu lino lidachulidwa m'nyuzi ndi pa wailesi chifukwa cha kuchuluka kwa atsikana otenga pakati. Zikachitika, tithamangira kunena kuti mwanayu ngwachimasomaso, nitiiwala kufunsa kuti ndi liti pamene tidapita kukaona kachipinda kaja, ngati chitseko chache chitsekeka, ngati m'thumba la ufa muli kanthu. Anyamata nao ali ndi njira zao: wina ayamba kujomba kukagwira ganyu kutsidya ku Mozambique, wina apita ku nyanja sabata imodzi nakhalako mwezi, wina apeza chitonthozo m'kachasu ndi chamba. Ndipo alipo ena, Mulungu atichitire chifundo, amene zotsatira zikatuluka zoipa aganiza kuti kuli bwino kufa kusiyana ndi kuonana ndi makolo ao.

Pano tiyenera kunenako za mwambo wathu, chinkana ena sadzakondwa. Ambiri kuno titsata chikamwini, ndipo ana awerengedwa ku mtundu wa amai ao. Mwambowu uli ndi zabwino zache, pakuti mwana wamasiye sasowa pogwira. Koma maganizo a ngongole akalowamo, uonongeka. Bambo ati: "Ndiphunzitsirenji ana amene adzapindulira mbumba ya eni?" Atsibweni ati: "Mwini wache alipo, wobala uja." Onse awiri awerenga phindu, ndipo mwana agwa pakati monga mbale yogwiridwa ndi anthu awiri, yense akuyesa kuti mnzache wagwiritsa. Kuwerenga komweku ndiko kusankhitsa mwana wopita ku sukulu ndalama zikachepa: uyu adzatithandiza, uyo adzakwatiwa. Koma wobala ndi wobala, ngakhale akhale mkamwini, ndipo mwini mbumba ndi mwini mbumba. Onse awiri ali ndi udindo, ndipo kukadakhala bwino kuti akhale pansi pamodzi mwana asanalowe Folomu 3, nagawana poyera: uyu yunifomu ndi makope, uyo ufa ndi lendi. Ankhoswe amene athamangira ndeu za m'banja angathenso kuitanidwa pa nkhani yotere.

Nanga kholo limene laleka kudziyesa wokongoza lichita chiani pa zaka ziwirizi? Lipereka choyamba nthawi, imene kumudzi iri yodula koposa ndalama. Mtsikana wa Folomu 4 amene adzuka mdima ulipo kukatunga madzi, nayenda ulendo wautali kupita ku sukulu, nabwera kudzafuna nkhuni, kuphika, kusambitsa ana ndi kutsuka mbale, adzatsegula buku maso ali kale olemera, pamene mlongo wache wamwamuna ali pa bwalo la mpira. Sitinena kuti mwana wa sukulu asagwire ntchito. Mwana wosagwira khasu adzanyada, ndipo kunyada kwa ophunzira ndi nthenda ina imene tidzainena tsiku lina. Koma ntchito zigawidwe molungama, ndipo pakhale maola awiri kapena atatu tsiku liri lonse amene nyumba yonse idziwa kuti ndi a mabuku, osamtuma kumsika, osamtuma kuchigayo. Tsiku la msika lisakhale tsiku lojomba. Pakhale nyali: makolo athu adawerengera koloboyi wa utsi, koma lero kanyali ka sola kapezeka pa mtengo wa nkhuku zowerengeka, ndipo ngati kali kamodzi m'nyumba, kakhale ka wowerenga. Kumbukiraninso kuti teremu yachiwiri igwa mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi ya njala, ndipo ndiyo nthawi imene aphunzitsi athamangira kumaliza silabasi, popeza mayeso abwera pakati pa chaka. Kholo lanzeru lipatula kachimanga pa nthawi yokolola, nilinena kuti aka nka mwana wa mayeso, osakagwira ngakhale pa chinkhoswe.

Makolo ambiri atiuza kuti: "Ife sitidaphunzire, tingamthandize bwanji? Zimene awerenga sitizimva." Nchifukwa chache asiya zonse m'manja mwa aphunzitsi, ndipo ena achita ngati aopa mwana wao yemwe. Koma Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chaka cha 1965, pophunzitsa kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba ndi akulu a ana ao, sudapatule makolo odziwa Chingerezi okha. Simusowa kudziwa Biology kuti mufunse madzulo: "Lero mwaphunzira chiani? Tandifotokozere m'Chichewa." Mwana amene angathe kufotokozera amai ache chifukwa chache nandolo abwezera chonde m'nthaka, ameneyo wamvetsa, amene achita chibwibwi adzadziwa yekha kuti sadamvetse. Simusowa kudziwa kuwerenga kuti mupite ku sukulu kamodzi pa teremu, kukaonana ndi mphunzitsi wa kalasi ndi kufunsa ngati mwana afika masiku onse, ndi maphunziro ati amene amvuta, ndipo makamaka m'mene aliri pa Chingerezi, popeza ambiri agwa pamenepo chinkana apambane zina zonse. Polowa Folomu 3 ana asankha maphunziro ena nasiya ena. Mtsikana wofuna unamwino pa koleji ya Holy Family pompano, akasiya maphunziro a sayansi chifukwa anzache asiya, wadzitsekera khomo osadziwa. Kholo lifunse aphunzitsi, kapena litume katekisiti kapena mkulu wa mphakati amene adziwa zimenezi. Aphunzitsi nao ndi anthu: mwana amene makolo ache aoneka pa sukulu amuyang'ana ndi diso lina.

Za foni tinene pang'ono. Mumapezeka mabuku ndi mapepala a mayeso akale, mumapezekanso zonyansa ndi anthu achinyengo. Kuilanda kokha sikuthandiza, pakuti adzabwereka ya mnzache. Koma kholo liri ndi ufulu wofunsa kumene yachokera foni imene silidagule, ndipo lisaope kufunsa.

Chachikulu koposa ndi mau amene kholo linena mayeso asanafike. Msinkhu umenewu ngwovuta: thupi lakula, nzeru ziri pakati, lero alankhula ngati mkulu, mawa alira ngati khanda, ndipo ayankha mwamwano pamene mumtima ali ndi mantha. Mwana wotere afunika kudzudzulidwa, inde, koma pa cholakwa chimene wachita, osati pomuwerengera mbuzi. Mukampeza wajomba, nenani za kujombako ndipo mlangeni monga kuyenera. Mukayamba kuchula zonse zimene mudagulitsa kuyambira Folomu 1, sadzamva kuti walakwa. Adzamva kuti iye ndi katundu wolemetsa. Ndipo tsiku lina, pa nthawi ya mtendere, mwina pobwera kumunda, atate kapena amai amuuze momveka kuti: "Mwanawe, limbika ndi mphamvu zako zonse, ndipo usabe. Ukapambana tidzakondwa. Ukalephera, pakhomo pano mpako ndithu, tidzaona chochita." Ena aopa kuti mau otere adzamchititsa ulesi. Ife tiona zosiyana. Munthu wooloka mtsinje pa mtengo umodzi ayenda bwino akadziwa kuti pansi mposaya. Wodziwa kuti akagwa wafa, miyendo injenjemera.

Zotsatira zikatuluka, ambiri mwa ana athu sadzapita ku Zomba, kapena ku MUST ku Thyolo, kapena ku Nguludi, ndipo kuli bwino kuti banja likambirane zimenezi pasadakhale, kuti tsikulo lisafike ngati maliro. Amene wapambana koma osasankhidwa angathe kuyesa koleji ya aphunzitsi, imene iripo m'boma lathu lomwe lino, kapena sukulu za ntchito za manja zimene ziyang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA: ukalipentala, zomanga-manga, zamagetsi, kusoka. Mmisiri wabwino sagona ndi njala, ndipo sitiona chifukwa chimene kholo lingachitire manyazi ndi mwana wogwira chipangizo m'malo mwa cholembera. Amene walephera aloledwa kulembanso, ndipo alipo aphunzitsi ndi anamwino lero amene adapambana pa ulendo wachiwiri. Ngakhale amene abwerera kumunda sabwerera chimodzi-modzi: adziwa kuwerenga sikelo ya venda, malangizo a pa botolo la mankhwala, ndi pepala la ngongole asanalisaine. Zimene mudataya sizidapite pachabe chifukwa chakuti sizidabale malipiro a pamwezi.

Ndipo mtsikana amene watenga pakati asathamangitsidwire ku ukwati kuti banja lipezepo pobwezera zotayika. Lamulo la dziko, kuyambira 2015, ndi Malamulo Akulu monga adakonzedwa mu 2017, saloleza ukwati wa munthu wosafika zaka 18. Kuyambira 1993 Unduna wa Maphunziro ulola mtsikana wotere kubwerera ku sukulu atabereka, ndipo mnyamata wopereka mimbayo, ngati ali wa sukulu, nayenso ali ndi mlandu wache woyankha. Koma malo ache sasungika okha. Pafunika munthu wamkulu wopita kwa aphunzitsi akulu kukanena ndi kulembetsa, pafunika agogo kapena azakhali ovomera kulera khanda masana, ndipo pafunika wina woyenda naye tsiku loyamba lobwerera, pamene anzache adzamuyang'ana. Inu akatekisiti, amene mudziwa nyumba iri yonse ya m'dera lanu, lembani maina a ana a Folomu 3 ndi Folomu 4 a m'miphakati yanu, ogonera kwao ndi ochita lendi omwe, ndipo teremu ino isanathe mufike pakhomo pa makolo ao, kuyambira nyumba zimene mwana waleka kuoneka pa njira ya ku sukulu.